Usakalowe m'madzi amuna ako asanadziwe

Kasakula, Ntchisi
Lachinayi masana

Mwana wanga Alinafe,

Lero odwala atha msanga, ambiri athamangira kumsika, ndiye ndakhoma chitseko cha chipinda choonera odwala kuti ndikulembere. Kalatayi ndimupatsira dalaivala wa ambulansi amene akupita ku Dowa madzulo ano, akusiyira pakhomo panu. Uiwerenge uli wekha, ndipo uiwerenge lero lomwe. Usaiponye m'chikwama n'kumati ukaiona mawa m'ndege. Zimene zili muno si zimene bambo amayankhula ndi mwana wake wamkazi wokwatiwa, ndikudziwa. Ndayesa kuwatuma amayi ako, akana. N'chifukwa chake ndagwira bolopeni.

Kabuku ka zithunzi kamene amuna ako a Limbani anandisiyira ndakawerenga mpaka masamba ayamba kuthothoka. Chilumba cha Mauritius ndinakachifufuza pa mapu a kusukulu, ndinachipeza: kadontho ngati kosiya ntchentche, madzi okhaokha mbali zonse. Za malo amene mukufuna kukaona ndilibe nazo mawu. Kaone dothi la mitundumitundu lija, kaone akamba aakulu ngati mtondo, minda ya nzimbe, akachisi a amwenye, msika wa mumzinda. Pa mathithi ukaime patali ndi phompho, basi. Chimene chandidwalitsa ndi masamba apakati, pamene pali anthu oimirira pa matabwa, funde lalitali kuposa denga la tchalitchi chathu likubwera kumbuyo kwawo. Amuna ako anazunguliza chithunzi chimenecho ndi bolopeni, n'kulemba dzina lako pambali. Akuti akakuphunzitsa.

Alinafe, uli ndi matenda a khunyu. Dzinali m'nyumba mwathu sitinalitchulepo. Timangoti "mutu uja", kapena "zija". Amuna ako sakudziwa. Amakuona ukumwa piritsi madzulo aliwonse, iwo n'kumati ndi la mutu waching'alang'ala. Zonse zimene ndilembe m'munsimu zikunena chinthu chimodzi: usakalowe m'madzi iwo asanadziwe.

Tsiku limene unagwa koyamba unali mu Sitandade 2, tikukhala ku Dzoole. Unkaswa mtedza pakhonde. Unangoti chete, maso kuloza kumwamba chakumanzere, dzanja likufinya diresi, kenako pansi khu. Ine ndinali nditagwira kale ntchito ya chipatala zaka zingapo, matendawa ndinali nditawaona pa ana a eni ake kambirimbiri. Ndinakuyeza kutentha, thupi linali lozizira bwinobwino. Ndinabwereza, chimodzimodzi. Komabe ndinati ndi malungo, n'kukubaya kwinini. Ndinkafuna akhale malungo chifukwa malungo amatha. Miyezi inadutsa iwe ukugwa, ine ndikusinthasintha mankhwala a malungo, mpaka mkulu wina wa ntchito yathuyi atamva nkhani yonse anandifunsa kuti, "Achimwene, akanakhala mwana wa mnzanu mukanamulembera chiyani?" Apo ndi pamene ndinakuyambitsa piritsi. Ndikukuuza izi chifukwa tsopano ndiwe amene ukuchita zomwezo. Ukuti zaka zapita osagwa, ndiye kuti unachira. Sunachire, mwana wanga. Piritsi ndi limene lakugwira. Munthu akafunitsitsa chinthu, maso ake amaona chomwecho, ngakhale atapita kukoleji.

Chifukwa chimene tinabisira unangochimva pamwamba. Panali mayi wina, Nachisale, amene ankabwera kudzalandira mapiritsi omwewa kwa ine mwezi ndi mwezi. Mudzi wonse unkadziwa za matenda ake. Mbale yake inali yakeyake, pamaliro ankakhala payekha. Tsiku lina anagwa akuchapa kudambo. Amayi anzake analipo, ndipo palibe amene anamukhudza, poopa thovu la kukamwa ndi mpweya wa wodwala, umene amati ukaupuma nawenso uyamba kugwa. Anangoima pamtunda kumakuwa kuti kubwere mwamuna. Pamene bambo wina ankafika kuchokera kudimba n'kuti zitatha. Ndinapita kukaona malowo. Madzi ake sanali ofika ndi m'mawondo momwe. Nditabwerera kunyumba ndinawauza amayi ako kuti za mwana wathu asadziwe munthu, ngakhale abusa. Ndinkati odziwa amathawa, koma osadziwa akhoza kumugwira mwana n'kumuvuula poyesa kuti wangoterereka. Pa madambo a kuno mwina ndinkanena zoona, ndipo nzeru imeneyo yakusunga mpaka lero. Koma kumene ukupitako nzeru yomweyo ndi imene ikakuphe. Tamvera chifukwa chake.

Mwezi watha a Limbani atabwera kuno pa njinga yamoto ndi kabuku kaja, tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ukuwadziwa momwe amayankhulira akasangalala, Chichewa chawo cha mwana wa mtchona, chosakanikirana ndi cha ku Durban kumene anakulira. Anandifotokozera mmene munthu amagonera chafufumimba pa thabwa, kupalasa ndi manja, kudikira funde, kenako kudzuka mwadzidzidzi. Anachita kuimirira pa benchi kuti ndione, benchi n'kutsala pang'ono kuthyoka. Ine ndinafunsa kuti, "Nanga munthu akagwa pa thabwapo?"

Anaseka. "Ababa, kugwako ndiye sukulu yake. Tsiku loyamba munthu amagwa mpaka kutopa. Ine amene anandiphunzitsa anali wamisala ndithu, ndikamira iye amangoseka ali uko."

"Ndiye Alinafe akagwa, inu mukamuthamangira?"

"Ayi, ababa, ndiye kulakwitsa kumeneko. Wophunzira ukamamuthamangira umamuphunzitsa mantha. Umamusiya, amwe madzi pang'ono, avuuka yekha. Thupi limadziwa lokha kufuna mpweya."

Alinafe, werenganso mawu amenewo. Thupi lako, zija zikabwera, silidziwa kufuna mpweya. Iwe udzakhala pansi pa madzi, mwamuna amene amakukonda ataima chapatali, akumwetulira, akudikira kuti uvuuke wekha monga mphunzitsi wabwino amachitira. Sadzalakwa kanthu. Adzachita ndendende zimene anaphunzitsidwa. Akanakhala munthu wosasamala bwenzi ndilibe mantha otere, koma ndi kuleza mtima kwake kumene ndikukuopa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze pomwepo. Amayi ako anatulukira ndi thireyi, anandiyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti, "Abambo, tiyi akuzizira." Ndipo ine, bambo ako, ndinayamba kuwafunsa a Limbani ngati munabayitsa katemera wa paulendo. Ananyamuka akundiyamikira kuti ndine mpongozi wosamala.

Umenewo sunali mwayi woyamba kuutaya. Pa chinkhoswe chako atsibweni ako a Yobe anandikokera kuseri kwa khola. Anati, "Alamu, akuchimuna afunsa ngati mwana ali ndi chovuta chimene iwo ayenera kudziwa. Mbumba ndi yanga, koma adokotala ndinu. Ndikayankhe chiyani?" Ndinati akanene kuti mutu umakuvuta nthawi zina. Anandiyang'ana akutafuna kamtengo. "Alamu, matenda mubisa, koma maliro sabisika. Ndipo nkhoswe yonama mlandu imadzasenza yokha." Ndinawauza kuti tsiku la chisangalalo si lotchulira maliro. Anapita kukanena monga ndinawauzira, nthungululu zinalira, ine ndinavina nawo. Ndimati ndikuteteza banja lako. Sindinadziwe kuti ndikukupereka kwa munthu wa m'madzi. Ndikanadziwa bwanji? Kuno mkamwini amakhala mlimi wa fodya, mphunzitsi, kapena kalaliki wa kwa DC. Ndani ku Ntchisi kuno anaganizapo zofunsa mkamwini ngati amasewera ndi nyanja ya mchere? Phunziro lake ndi ili: chinthu ukachibisa, umachibisira mawa limene sukulidziwa. Usakalowe m'madzi iwo asanadziwe.

Za mapiritsi ndiyenera kubwerezanso, ngakhale unene kuti ababa ayambanso. Ukupita kusekondale yogonera konko ndinachotsa mapiritsi ako m'botolo lake n'kuwathira m'botolo la mavitamini, kuti a matroni ndi anzako asafunse. Ndinadziona wochenjera. Mu Fomu 3 kunabwera alaliki oyendayenda, anakupempherera, iwe n'kusiya kumwa. Palibe amene anakudzudzula, pakuti ndani amadzudzula mwana chifukwa chosiya mavitamini? Unagwera kubafa, chipsera chili pachibwano chakocho n'chimenecho. Anzako anauzidwa kuti unaterereka pa sopo. Lero ndakukonzera mapiritsi okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, ndipo ndawasiya m'botolo lake lenileni, dzina lake lili pamwamba. Usawasamutse. Akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutikesi, chifukwa masutikesi amasochera. Ena uwakulunge padera, uike m'thumba la jekete. Kumeneko dzuwa limafulumira kulowa kuposa kuno, ndiye wotchi yako uisiye pa nthawi ya kwathu, uzikamwa monga umamwera. Usakadumphe tsiku ngakhale utatopa chotani.

Mowa wa kumeneko ndauona m'kabukumo, amauthira m'chikho cha kokonati n'kuikamo kaambulera ka pepala. Usakalawe, ngakhale akuuze kuti ndi madzi a zipatso chabe. Uzikagona nthawi yabwino, kusowa tulo kumaitana zija. Dzuwa likamanyezimira pa madzi ngati magalasi osweka, usakaliyang'anitsitse, ukavale magalasi akuda ndi chipewa. Kuhotela ukapeza bafa lodzaza madzi logonamo lija, usakalowemo, ukasambe choimirira, ndipo chitseko usakakhome. Ukangomva fungo la chinthu chopserera lija limene limatsogolera zija, pamene palibe chimene chikupsa, khala pansi pomwepo, kaya ndi pamsika, kaya wavala zoyera. Koma taona, mwana wanga: zonsezi ukazichita bwanji pamaso pa munthu amene sakudziwa chifukwa chake? Adzati mkazi wanga ndi wamanyazi, mkazi wanga ndi wa kumudzi, n'kuyamba kukukoka dzanja mwachikondi kuti uzolowere.

Sindikuiwala zimene unandiuza sabata ya ukwati wako, pamene ndinati mwina mungopita kukaona malo, zamatabwazo muzisiye. Unati, "Ababa, mumtengo munandiletsa, panjinga munandiletsa, pachitsime munandiletsa, pamoto munandiletsa. Anzanga ankati ndine mwana wa bwana wosagwira ntchito. Ichi chokha mundisiye." Unkanena zoona. Ndinakulera ngati dzira, osakuuza ngakhale anzako chifukwa chake, ndipo iwe unasenza dzina la ulesi kuti usunge chinsinsi changa. Ndikumvetsa chifukwa chimene ukufunira kuimirira pa thabwa limenelo ngakhale kamodzi. Monga munthu wa chipatala ndikanati usakalowe konse, ndipo wodwala wina aliyense ndikanamuuza chomwecho. Koma ndikudziwa kuti sundimvera, ndipo mphamvu yokuletsa ndilibenso. Ndiye ndatsika mpaka pamene sindingatsikenso: ngati ukalowe, kalowe pamalo osaya, amuna ako ali pafupi moti akhoza kukugwira osasuntha phazi, ndipo akudziwa chimene akuyang'anira.

Uwauze chonchi, osazungulira. Unene dzina la matendawa. Unene kuti sapatsirana, thovu lilibe kanthu, mpweya ulibe kanthu. Uwauze zizindikiro zako: kukhala chete, maso kumanzere, dzanja kufinya chovala. Akaona zimenezo m'madzi, akugwire mutu ukhale pamwamba, akutulutse, akugoneke cham'mbali. Asakuike supuni kapena chala m'kamwa, asakupanikize manja, asakumwetse kanthu mpaka utatsitsimuka bwinobwino. Ngati wamwa madzi, kuchipatala, ngakhale uoneke ngati uli bwino. Akafunsa kuti bwanji sunanene kale, usadzisenzetse. Unene kuti bambo anga anandiletsa kuyambira ndili mwana, ndipo pa chinkhoswe ndi iwo anatseka pakamwa pa ankhoswe. Ndi zoona, ndipo ndidzazivomera pamaso pa akuchimuna onse.

Chimene a Limbani adzachite akamva, sindikuchidziwa, ndipo sindikunamiza kuti ndikudziwa. Ndi munthu wofatsa, anakulira kunja, amagwira ntchito ya mijigo pakati pa othawa kwawo ku Dzaleka ndipo waona zambiri. Mwina adzangokukumbatira. Koma ndaonapo aphunzitsi, ndaonapo ndi akulu a mpingo, akubweza mkazi kwawo chifukwa cha matendawa, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa choti ananamizidwa. Ndipo iwo tinawanamizadi. Achibale awo adzafunsa za ana amene mudzabereke. Mwina ulendo womwewu udzafera pakhomo, masutikesi ali omangamanga. Ndaziyeza zonsezi mbali ndi mbali monga ndimayezera mankhwala a khanda, ndipo palibe mbali imene ikutuluka yabwino. Ukanena, mwina utaya banja. Ukapanda kunena, mwina ife titaya iwe, ndipo nyanja imeneyo si dambo la Nachisale kuti tidzapeza choika m'manda. Kuno munthu akasowa m'madzi timakwirira thunthu la nthochi. Ndakhala ndikudutsa pa nthochi za kuseri kwa nyumba yathu osafuna kuziyang'ana.

M'mawa uno tinakangana ndi amayi ako, mwina koyamba mokweza chonchi. Anati, "Mwasunga pakamwa zaka zonsezi, lero mukufuna kupasula banja la mwana lisanathe ndi mwezi womwe? Mulungu amene wamusunga pamtunda akamusunganso m'madzi." Ndinati Mulungu yemweyo ndi amene anatipatsa pakamwa. Anati, "Inu vuto lanu mumaona maliro paliponse. Mwana akatsokomola, inu mwayamba kale kuyeza bokosi." Mwina akunena zoona, moyo wanga wonse ndakhala munthu wa nkhawa, ndipo zambiri zimene ndinkaziopa sizinachitike. Usawaweruze amayi ako. Iwo ndi amene ankakupukuta, ndi amene ankamva zonena za anthu kuchitsime, ndipo ukwati wako ndi chinthu choyamba chimene chinawagonetsa tulo tabwino. Masiku ano aliyense akuyankhula, anyamata akunyoza boma pamsika masanasana popanda wowagwira, nyuzipepala zachuluka ngati bowa. Nyumba yathu yokha ndi imene yatsala mu ulamuliro wakale, ndipo amene anaukhazikitsa ndine.

Chimene chikundithetsa mphamvu n'chakuti ndikukudziwa. Uwerenga kalatayi, ulira pang'ono, uipinda bwinobwino, kenako ukawaphikira amuna ako n'kumaseka nawo za akamba aja. Udzati ndikawauza tikafika, ndipo mukafika udzati ndiwauza mawa, nyanja ili pakhomo, thabwa lili m'manja. Kubisa ndinakuphunzitsa ndine, ndipo unakhoza kuposa mphunzitsi wako. Ngakhale nditakufunsa kuti wanena kodi, udzandiyang'ana m'maso n'kuti inde ababa, ndipo sindidzatha kusiyanitsa.

Ndiye mvera chimene ndatsimikiza, ndipo ndakuuziratu kuti usadzati ndinakutchera msampha. Mawa tibwera ku Lumbadzi kudzakuperekezani pabwalo la ndege. Iwe sindikufunsa kanthu. Ndikawatengera a Limbani pambali, ndikawafunsa funso limodzi: "Kodi Alinafe wakuuzani za matenda ake?" Ngati wawauza, akangoti inde, ndikawagwira chanza, ndipo mukapita ndi madalitso anga. Ngati sunawauze, funso lomwelo likawauza, ndipo zotsalazo ndikamaliza ndine, pomwepo, pakati pa anthu ndi katundu. Ndi njira yoipa, yosadzera kwa ankhoswe, yochititsa manyazi. Mwamuna ayenera kumva zotere kwa mkazi wake, m'nyumba mwawo, chitseko chili chotseka, kuti akhale ndi mpata wokwiya ndi wokhululuka popanda omuonerera. Mpata umenewo uli nawo lero lokha. Ndikukupempha, mwana wanga, undilande ntchito imeneyi.

Ukandisiyira, ndikaigwira. Amayi ako mwina sadzandikhululukira. Iwe mwina sudzandiyankhulanso, mwina sudzandilola kuponda pakhomo pako, ndipo ana ako adzakula akumva kuti agogo awo a ku Kasakula anali munthu wolongolola amene anawachititsa amayi awo manyazi pagulu. Ndavomera zonsezo. Udane nane mpaka ukalambe, Alinafe, bola ukalambe.

Ndine bambo ako.